Ndinasiya makapisozi poopa kuti apweteka mwana m'mimba

FUNSO: Anamwino, ndili ndi pathupi pa miyezi 6, mimba yanga yoyamba. Sabata yatha ndinayamba kumva kuwotcha pokodza. Mkodzo unkandigwira pafupipafupi koma ukutuluka pang'onopang'ono. Kusikelo anayeza mkodzo n'kundipatsa makapisozi a cefalexin oti ndimwe masiku 7. Nditamwa masiku atatu ululu unatheratu. Apongozi anga akuti makapisozi ndi amphamvu, apweteka mwana, ndiye ndinasiya. Kodi ndinalakwitsa?

YANKHO: Mchemwali wanga, apongozi anuwo akulankhula chifukwa chokonda mdzukulu wawo, koma pa nkhani iyi musawamvere. Mawa lomweli bwererani kusikelo mutatenga makapisozi otsalawo, mukanene tsiku limene munasiya kumwa.

Ululu ukatha sindiye kuti matenda atha. Mabakiteriya amene amayambitsa vutoli, makamaka otchedwa E. coli ochokera m'matumbo, amachepa msanga mukayamba mankhwala, koma otsala amaswananso. Pathupi zinthu zimawayendera bwino: mahomoni amafewetsa timachubu totenga mkodzo kuchokera ku impso, chiberekero nacho chimakanikiza chikhodzodzo, mkodzo n'kumatsalira. Mabakiteriyawo amakwera mosavuta kukafika ku impso. Apa ndiye pamandidetsa nkhawa, chifukwa matenda a impso angachititse kuti mubereke masiku asanakwane, mwana n'kubadwa wochepa thupi. Choopsa kwa mwana wanu ndi matendawa, osati cefalexin. Mankhwala amenewa takhala tikupereka kwa amayi oyembekezera kwa zaka zambiri.

Komabe mantha a apongozi anu ali ndi pogwira, poti alipodi mankhwala osayenera pathupi. Doxycycline amawononga mano a mwana amene akukula m'mimba. Ciprofloxacin timamupewa. Nitrofurantoin ndi wabwino pakati pa mimba, koma osati masiku obereka akayandikira chifukwa angaphwanye maselo ofiira a magazi a khanda. Bactrim sitimakonda kuchizira mkodzo m'miyezi itatu yoyamba, ngakhale kuti mayi amene anapatsidwa Bactrim wa tsiku lililonse pamodzi ndi ma ARV asamusiye payekha. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva kuti mayi wamwa makapisozi otsala a mnzake. Kunja amafanana, m'kati ndi osiyana.

Mukayamba kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza, kumva kuwawa m'mbali mwa msana pansi pa nthiti, kapena mimba ikamalimba mobwerezabwereza, musadikire mawa. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Zikafika pamenepo pamafunika kugonekedwa ndi kulandira mankhwala a jakisoni kapena a m'dilipi.

Muzimwa madzi okwanira, musamasunge mkodzo, ndipo podzipukuta muziyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Mukamaliza mankhwala mukapemphe kuti akuyezeninso mkodzo, chifukwa pathupi mabakiteriyawa amatha kukhalamo popanda ululu uliwonse. Ngati n'kotheka, mawa mupite ndi apongozi anuwo akamve okha kwa azamba.