Zipere za m'mutu sizimva mafuta opaka

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wa zaka 6 watha miyezi itatu ali ndi zipere m'mutu, mafuta agula kangapo koma zikungobwerera. Akufunsa kuti agule ati tsopano. Mayi, funso lanuli landitokosa chipsera, ndipo ndikunena chipsera chenicheni.

Kumanzere kwa mutu wangawu kuli kadazi konga ndalama yachitsulo, pomwe tsitsi silinamerenso chichokereni Sitandade 3. Wometa aliyense watsopano amayamba wazimitsa kaye mashini n'kufunsa, "Bwana, apa munagwa?" Sindinagwe. Chinali chipere. Azakhali anga, omwe ankandikonda kwabasi, anachipala ndi lezala mpaka magazi, n'kuthirapo mafuta a buleki omwe anakapempha kwa makaniko. Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka m'nyumba. Itatha sabata mutu unatupa, mafinya ali chuchuchu, ntchentche zikundiperekeza kusukulu. Anzanga anandipatsa dzina loti Mapu a Malawi, ndipo ena akundiitanabe choncho pamaliro ndi pamaukwati.

Azakhali sindiwaimba mlandu, anachita zomwe mudzi wonse unkachita. Amene amandipsetsa mtima mpaka lero ndi aja amati zipere ndi matenda a ana auve. Bodza! Ine ankandikwecha ndi mwala tsiku ndi tsiku. Zipere zimayamba ndi fangasi, tinthu ta mtundu wa nkhungu tosaoneka ndi maso, ndipo timayenda pa chipeso, chipewa, pilo, mphaka, galu, makamaka mashini ometera. Inu ometa, mundikhululukire: Loweruka loti Lolemba sukulu zikutsegulira mumameta mitu makumi angati ndi mashini amodzi, n'kumangowasasa ndi kaburashi komweko? Sipiriti ali mu botolo pashelefu ngati chokongoletsera. Ine ndinagula mashini angaanga, ana anga ndimawameta ndekha pakhonde ngakhale amadandaula kuti ndimawameta ngati nkhuku yonyowa.

Koma choyipitsitsa ndi timachubu tija ta pamsika toti timachiritsa chilichonse. Werengani kumbuyo kwake. Mukaona mawu oti betamethasone kapena clobetasol, dziwani kuti muli steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Ameneyu amaziziritsa kuyabwa ndi kufiira, inu n'kumati zatheka, chonsecho wafooketsa chitetezo cha khungu ndipo fangasi uja akufalikira mwakachetechete. Mukasiya, chipere chimabwera ndi abale ake. Kugulitsa mankhwala otere pambali pa tomato ndi usipa kunayenera kutha kalekale, ndipo pamenepa palibe angandisinthe maganizo. Ngakhale mafuta opha fangasi a clotrimazole, omwe amagwiradi ntchito pa chipere cha pamkono kapena pamimba, m'mutu amalephera, chifukwa fangasi amalowa m'kati mwa tsitsi mpaka ku muzu komwe mafuta safikako. Ndiye ndalama zanu za miyezi itatu zinkangopaka pamwamba.

Tsono muchite chiyani?

Musagulenso chubu china. Mutengereni mwanayo kuchipatala akamuone, poti si dazi lililonse la mwana lomwe ndi chipere. Akatsimikiza, mankhwala ake ndi akumwa, kawirikawiri griseofulvin, tsiku lililonse kwa masabata 6 mpaka 8 molingana ndi sikelo yake. Azimwa atadya za mafuta monga chiponde, mkaka kapena peyala kuti alowe bwino m'thupi, ndipo asalekeze panjira ngakhale tsitsi litayamba kumera. Mayi woyembekezera asamwe mankhwalawa. Shampu ya ketoconazole imachepetsa kupatsirana koma payokha siichiritsa. Chapani mapilo, aliyense chipeso chake, ndipo muwaone m'mutu abale ake onse.

Pakatupa n'kuyamba mafinya, musafinye kapena kuboola, thamangani tsiku lomwelo. Changa chija chinafika pamenepo, ndipo azakhali anawonjezera buleki wina.