Funsani a Malume: Ndikakhale pamodzi ndi ofuna kutseka migodi?

A Malume, ine ndili ku Joni kuno ku eMalahleni, ndimayendetsa thiraki ya malasha pa kontrakiti. A yuniyoni akuti Loweruka tipite ku miting'i limodzi ndi anthu a zachilengedwe tikakambe za just transition, ija yoti dziko likamasiya malasha ogwira ntchito asasiyidwe padzuwa. Koma si omwewa akufuna migodi itsekedwe? Ine ana anga ku Dedza fizi yawo ikuchokera pa malasha omwewa. Ndipite kapena akungofuna kutigwiritsa ntchito?
Wankhawa, eMalahleni

Mphwanga, pitani. Koma musakangokhala kumbuyo n'kumawomba m'manja ayi.

Mantha anuwo ndi omveka ndithu. Mu 2018 a yuniyoni ya NUMSA anathamangira kukhothi kuti Eskom, kampani ya magetsi ya boma, isasainire ma kontrakiti 27 a magetsi a sola ndi a mphepo, nkhawa yawo inali yomweyi ya ntchito za m'malasha, koma khothi silinawamvere ndipo ma kontrakitiwo anasainidwa. Ndiye kukayikirana kulipo, si inu nokha.

Koma taonani zimene zinachitika pa Komati, siteshoni yopangira magetsi ndi malasha, pafupi nanu pomwepo. Siteshoni ija inazimitsidwa mu October 2022, World Bank n'kulonjeza madola 497 miliyoni oti paikidwe sola, mphepo ndi mabatire komanso anthu aphunzitsidwe ntchito zina. Olembedwa ndi Eskom penipeni sanachotsedwe, ambiri anangowasamutsira ku masiteshoni ena. Nanga a pa kontrakiti, oyendetsa mathiraki, amayi ogulitsa pap ndi nyama pa geti, eni ake a marumu a lendi kuseri kwa nyumba? Amenewo ndiye anaona zakuda chifukwa ntchito zatsopanozo zinachedwa pomwe makasitomala anali atapita kale, moti ngakhale Presidential Climate Commission, komiti yolangiza pulezidenti za kusintha kwa nyengo, inanena kuti anthu a m'deralo anafunsidwa mochedwa. Inuyo muli m'gulu limenelo mphwanga. Masiteshoni ena a malasha, Camden, Grootvlei ndi Hendrina, anawawonjezera masiku mpaka 2030, ndiye mpata ulipo koma si wautali.

Apa ndi pomwe a zachilengedwe aja akukhala ofunika. Ambiri si obwera ndi magalimoto kuchokera ku Cape Town ngati mmene anthu amanenera, a Vukani Environmental Justice Movement in Action ndi a konko ku eMalahleni, akupuma utsi womwe mukupuma inuwo, ana awo akugona ndi mpope wa asima pamutu pa bedi. Iwowa ndi bungwe lina la zachilengedwe la groundWork anawina mlandu ku High Court ya ku Pretoria mu March 2022, khothi linati mpweya woipa wa ku Highveld, dera lomwe muli inulo, ukuphwanya ufulu wa anthu wa m'malamulo a dziko. Ali ndi maloya ndipo mapepala a migodi amadziwa kuwawerenga, pomwe yuniyoni ili ndi chigulu cha anthu komanso mpando pokambirana ndi mabwana. Kugwirizanaku sikwachilendonso, COSATU, mgwirizano wa mayuniyoni, ndi NUMSA anali nawo mu kampeni ya One Million Climate Jobs yomwe inayamba mu 2011.

Sikuti mukagwirizana zonse ayi, za tsiku lotsekera mukanganabe basi. Koma pali zina zoti simungasiyane. Lamulo limati mgodi uliwonse uzisunga ndalama zokonzera malo ukatsekedwa, kukwirira maenje, kuyeretsa madzi a asidi aja, kubwezeretsa dothi, ndipo ntchito imeneyo imafuna madalaivala ndi oyendetsa mashini kwa zaka zambiri, ndiye a zachilengedwe akufuna malo akonzedwe inu mukufuna ntchito, bwanji osakakamiza limodzi kuti olembedwa akhale omwe analipo kale?

Loweruka mukaimike dzanja mufunse kuti pa mndandanda wa ophunzitsidwa ntchito zina a pa kontrakiti alipo? Nanga obwera ngati ife? Funso lachiwirili ambiri salikonda, zoti nkhani ya ma foreigner imatentha kumeneko mukuzidziwa kuposa ine, ndiye muyambe mwalikamba ndi shopu stiwadi wanu, wokuimirani wa yuniyoni pa ntchito, pambali, ndipo mupite ndi anzanu awiri atatu osati nokha.

Komanso ma payslip onse muzisunga, ndi kope la kontrakiti, ena muwajambule pa foni. Akamachepetsa anthu lamulo la kumeneko limati malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe mwagwira, ndipo CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, imamva madandaulo a obwera omwe, koma akakufunsani umboni wa chaka chimene munayamba.