Kodi Ndiziwachitira Zonse Amayi Anga?

Funso: Amayi anga a zaka 72 amadwala matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo chidwalireni sitiroko, dzanja lawo lamanja siligwira bwino. Kodi ndiziwasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa ndekha? — Wowerenga wa kwa Santhe, Kasungu

Yankho: Chifundo chanu n'chabwino, koma kuwachitira zonse kumafooketsa dzanjalo ndiponso kumawatayitsa mtima. Kuchipatala kuli akatswiri ophunzitsa odwala kuyambiranso ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo mfundo yawo ndi yakuti wodwala achite yekha zomwe angathe, ngakhale atachedwa.

Povala, ayambe kulowetsa dzanja lofookalo m'malaya, koma povula likhale lomaliza. Kulungani kansalu pachigwiriro cha supuni kuti chinenepe, asambe atakhala pampando wolimba, ndipo m'chimbudzi muikemo mpando wobowola pakati, popeza kunjuta kumagwetsa okalamba ambiri. Kusankha nyemba m'lichero ndi kuswa mtedza, ntchito zomwe ena amazipeputsa, kumalimbitsa zala.

Pitani nawo kuchipatala chachikulu cha Kasungu akawapime, ndipo ngati kuli kofunika adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala a magaziwo asadumphitse, chifukwa sitiroko imatha kubwereza.