Simukhadi ya kunja ikhale m'dzina lanu

Mphwanga amene akukonzekera ulendo wake woyamba wa kunja wandifunsa kuti ndi simukhadi iti yotchipa imene angagule akangofika, ndipo funso lakelo lafika pomwe tangomva za mayi wina amene wataya nambala imene mabwana ake onse ankamupezerapo, chifukwa inalembetsedwa m'dzina la munthu amene iye sanamuonepo ndi maso. Choncho ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe onse obwera kumene pamodzi. Za kutchipa sindinenapo zambiri, pakuti mitengo imasinthasintha ndipo aliyense amene mudzamupeze kumeneko adzakuuzani. Chimene ambiri sangakuuzeni n'chakuti kunja nambala ya foni imagwira ntchito ngati chiphaso, popeza banki, bwana, mwini nyumba, kampani yotumizira ndalama ndi WhatsApp, onsewa amakudziwani kudzera pa nambalayo.

Choyamba, abale anga, musagule simukhadi imene yayamba kale kugwira ntchito. Mukatsika basi kapena ndege mutatopa, mudzakumana ndi anyamata atanyamula masimukhadi omangidwa ndi kamphira, ndipo adzakuuzani kuti awo safuna pasipoti kapena kalata iliyonse, mungoika m'foni n'kuyamba kuimba. Zimakopa, makamaka pamene mukufunitsitsa kuuza achibale kuti mwafika bwino. Koma ngati dziko limenelo lili ndi lamulo lolembetsa manambala, simukhadi yogwira kale ntchito ndiye kuti ili m'dzina la munthu wina. Ku South Africa lamuloli limadziwika kuti RICA, ndipo kuyambira mu 2009 aliyense wogula simukhadi amayenera kuonetsa chiphaso ndi umboni wa kumene akukhala. Mlendo amaonetsa pasipoti. Ku Germany, kuyambira mu July 2017, simukhadi yolipiriratu siyamba kugwira ntchito mpaka wogulayo atatsimikiziridwa ndi chiphaso chake. Ku India mlendo amafunsidwa pasipoti ndi viza. Ku Britain kokha, mwa mayiko amene ndatchulawa, ndi kumene mungagule simukhadi yolipiriratu m'sitolo popanda kuonetsa kanthu.

Vuto la simukhadi ya dzina la wina silioneka tsiku logula, ngakhale chaka choyamba. Limadzaoneka tsiku limene foni yabedwa kapena simukhadi yawonongeka. Mumapita ku sitolo ya kampani kukapempha kuti akubwezereni nambala yanu pa simukhadi yatsopano, wogwira ntchito amatenga pasipoti yanu, amayang'ana pa kompyuta, kenaka amatembenuza nkhope n'kukuuzani mwaulemu kuti dzina limene lili kumeneko si lanu ndipo palibe chimene angachite. Simungakangane naye, chifukwa akutsatira lamulo lomwe linaikidwa kuti likutetezeni. Choopsa kwambiri n'chakuti mwini dzinalo, kapena wina amene ali ndi mapepala ake, ali ndi mphamvu yopita kukasinthitsa simukhadiyo nthawi ina iliyonse. Foni yanu imangoti zii, netiweki yachoka, ndipo kuyambira pamenepo mauthenga onse a manambala achinsinsi ochokera ku banki amapita kwa iye. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri amene amagulitsa masimukhadi oterewa kwa obwera kumene ndi anzathu olankhula chinenero chathu chomwe, amene amadziwa bwino kuti munthu wachilendo akhulupirira msanga munthu womulonjera m'chilankhulo chake. Ngati mulibe umboni wa kumene mukukhala, pemphani amene akukusungani akulembereni kalata ndipo apite nanu ku sitolo yeniyeni ya kampani. Kudikira masiku ochepa mukugwiritsa ntchito Wi-Fi sikunaphepo munthu.

Zimenezi zikukhudzanso amene mukupita kudzera mwa maejenti a ntchito. Bwana akakupatsani simukhadi, ilandireni kuti muzigwirira ntchito, koma dziwani kuti ndi yake ndipo akhoza kuitseka tsiku limene mwasemphana maganizo, pamene mukufunika kwambiri kuimbira anthu. Khalani ndi yanuyanu. Ndiponso musalole kulembetsera munthu wina simukhadi pa pasipoti yanu, ngakhale atakhala wa kumudzi kwanu, chifukwa chilichonse chimene adzachite pa nambalayo apolisi adzayambira kwa inu.

Chachiwiri, musaiphe nambala ya kwanu. Ambiri akangoika simukhadi yatsopano amaponya yakaleyo m'chikwama n'kuiwala, osadziwa kuti makampani amatseka nambala imene yakhala miyezi ingapo osagwiritsidwa ntchito, ndipo pakapita nthawi amaigulitsa kwa munthu wina. Nthawi yake imasiyana kampani ndi kampani, motero funsani musananyamuke, ndipo funsaninso ngati roaming, ntchito yolola simukhadi kugwira muli kunja kwa dziko, ndi yotsegula pa nambala yanu, pakuti kukonza zimenezi muli kale kunja ndi ntchito yowawa. Nambala imeneyo ndi imene banki ya kwanu imatumizirapo mauthenga, ndiponso ndi pamene pali akaunti yanu yotumizira ndi kulandirira ndalama pa foni. Njira yabwino ndi foni yolowa masimukhadi awiri: ya kwanu ikhale momwemo koma data yake ikhale yotseka, ndipo intaneti muziitenga pa simukhadi ya dziko limene muli. Kulandira uthenga wa SMS muli kunja kawirikawiri sikulipiritsidwa, koma kuyankha foni pa nambala ya kwanu kumadya mayunitsi anu ngakhale woimbayo ndi wina. Muziikamo mayunitsi pang'ono nthawi ndi nthawi, kapena mupemphe wachibale azikutumizirani. Kusiya simukhadiyo m'manja mwa wachibale kuti azikuwerengerani mauthenga a ku banki sindikulimbikitsa, ndipo amene anayesapo akudziwa chifukwa chake.

Za WhatsApp anthu amasokonezeka popanda chifukwa. Kusintha simukhadi sikukakamiza kusintha nambala ya WhatsApp; imapitiriza kugwira ntchito pa nambala yakale bola pali intaneti. Vuto limabwera mukagula foni ina, chifukwa pamenepo WhatsApp imatumiza manambala 6 otsimikizira ku nambala yakale ija, ndipo ngati inafa kapena inagulitsidwa kwa wina, simuwalandira. Manambala 6 amenewo musauze munthu aliyense, ngakhale uthenga wowapempha utachokera pa akaunti ya mlongo wanu, popeza akathyali amayamba alanda akaunti ya munthu mmodzi n'kumaigwiritsa ntchito pobera anzake. Tsegulaninso chitetezo chachiwiri cha PIN chimene chili m'makonzedwe a WhatsApp.

Foni yeniyeniyo muione musananyamuke. Mafoni ena, makamaka ogulidwa pa ngongole kapena otumiziridwa ndi abale a kunja, amakhala otsekeredwa ku kampani imodzi ndipo amakana simukhadi ina iliyonse. Yesani kuikamo simukhadi ya kampani ina mukadali kwanu. Ku United States makampani akuluakulu anatseka netiweki ya 3G mu 2022, kotero foni yakale ikhoza kufika kumeneko n'kulephera ngakhale kuimba. Ku Turkey foni yobwera nayo kuchokera kunja imatsekedwa pa netiweki za m'dzikomo pakatha masiku 120 ngati simunailembetse ndi kulipira msonkho wake. Palinso eSIM, imene imalowa m'foni popanda kakhadi, ndipo mafoni a iPhone ogulitsidwa ku United States kuyambira pa iPhone 14 alibe n'komwe polowetsa simukhadi. Dziwani kuti ma eSIM ambiri a apaulendo ogulidwa pa intaneti amapereka data yokha popanda nambala, choncho ndi othandiza pa masiku oyambirira koma simungawalembe pa fomu yofunsira ntchito.

Chachitatu, kapena kaya ndi chachingati tsopano, ndi mmene mayunitsi amathera. Gulani bandulo nthawi yomweyo mukangoika mayunitsi, data ikadali yotseka, chifukwa foni ikalumikizidwa imayamba yokha kukoka zithunzi ndi kukonzanso mapulogalamu, ndipo mtengo wa data ya kunja kwa bandulo ndi wokwera kwambiri. Bandulo ikatha, makampani ena sakuimitsani, amangoyamba kudula mayunitsi otsala. Kampani ina inkandidula ndalama tsiku lililonse pa ntchito ya mauthenga a zamasewero imene sindinapemphe, ndipo nditaimba kukadandaula anandipatsira kwa uyu ndi uyo, aliyense akundiuza kuti ndinavomera ndekha, mpaka anaitseka koma osabweza kalikonse. Mpaka lero zimandinyansa, chifukwa amadziwa kuti mlendo alibe nthawi kapena chilankhulo chokanganira. Funsani nambala yoonera mayunitsi ndi yoletsera ntchito zoterezi musanatuluke m'sitolo, ndipo imbani foni imodzi muli pomwepo kuti mutsimikize kuti simukhadi ikugwira.

Kakhadi kapulasitiki kamene mumathyolapo simukhadi musataye, pakuti ndi pamene pamalembedwa PUK, nambala yotsegulira simukhadi ikatseka. Mukalakwitsa PIN katatu simukhadi imatseka, ndipo mukalakwitsa PUK ka 10 imaferatu. Manambala a anthu ofunika muwalembenso papepala, kuyambira ndi chizindikiro cha + ndi nambala ya dziko. Kuimbira anthu a kwanu mwachindunji pa simukhadi yolipiriratu n'kodula pokhapokha mutagula bandulo yoimbira kunja, n'chifukwa chake ambiri timaimba pa intaneti, koma ku United Arab Emirates kuimba pa WhatsApp n'kotsekedwa ngakhale mauthenga amadutsa, ndipo ku China WhatsApp yonseyo ndi yotsekedwa.

Amene mudzaoloke malire pafupipafupi musaganize kuti simukhadi imodzi ikwanira paliponse. M'mayiko a European Union, kuyambira pa 15 June 2017, simukhadi ya dziko limodzi imagwira m'mayiko enawo popanda ndalama zoonjezera, kuphatikizapo Norway, Iceland ndi Liechtenstein, koma Switzerland mulibemo, ndipo Britain itachoka m'bungweli makampani ena a kumeneko anayambiranso kulipiritsa. Lamuloli ndi la maulendo a kanthawi; mukakhalitsa miyezi kunja kwa dziko limene munagulako simukhadi, kampani ili ndi ufulu woonjezera mtengo. Silikhudzanso netiweki za m'sitima za panyanja ndi za m'ndege zodzera pa setilaiti. Pafupi ndi malire foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya dziko loyandikana inu musanaoloke, choncho sankhani netiweki pamanja.

Ndipo tsiku limene mudzachoke m'dzikolo osabwereranso, musanataye simukhadiyo yambani mwachotsa nambala yake ku banki, ku imelo, ku Facebook ndi ku kampani yotumizira ndalama, mukadali ndi mwayi wolandirirapo mauthenga otsimikizira, chifukwa nayonso ikadzatsekedwa idzagulitsidwa kwa munthu wina.