Ndowa ikagona yodzadza m'khola la hatchi

Imelo yomwe ndalandira Lachiwiri yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mayi wina wa cha ku Thondwe, amene amuna awo anagula hatchi mwezi wa Meyi. Akuti chibwerereni chake imangonunkhiza ndowa ya madzi n'kutembenuka, ndipo ndowe zake zayamba kutuluka zouma, timibulu tating'onoting'ono. Akufunsa chochita isanadwale m'mimba.

Mayi, ndikuyankhani. Koma mundilole ndiyambe ndi Nkhungu, hatchi ya paubwana wanga, chifukwa nditangowerenga za timibulu touma ija, ndi iyeyo amene anandibwerera m'maso.

Ndili ndi zaka 13 ndinkakhala ndi amalume, omwe ankasamala hatchi zinayi pafamu ina m'munsi mwa phiri la Zomba. Nkhungu inali yaikazi, yotuwa, yofatsa mwakuti mwana ankatha kudutsa pansi pa mimba yake. Ntchito yanga inali yotunga madzi. M'mawa uliwonse ndinkatsikira kukamtsinje kochokera m'phirimo ndi ndowa ziwiri zamalata. Amene anakhalapo kuno mu Juni ndi Julayi akudziwa chomwe ndikunena: chiperoni chikatsika, phiri lonse osaoneka, madzi a kamtsinje kaja ukamwa mano amachita dzanzi. Msipu nthawi imeneyo unali utauma, hatchi zikudya udzu womweta wosungidwa m'shedi, ndi madeya madzulo.

Tsiku lina ndinapeza ndowa ya Nkhungu yangotsika pang'ono. Mawa lake chimodzimodzi. Sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti kukuzizira, ndani amamva ludzu kukuzizira? Tsiku lachitatu dzuwa likulowa, inasiya madeya m'mbale, nkuyamba kupalasa pansi ndi chiboda. Inkacheukira kunthiti kwake ngati pali chomwe chikuiluma, kugona, kudzuka, kugonanso. Amalume anagunditsa khutu pamimba pake, mbali iyi, kenako mbali inayo. Mimba ya hatchi yabwinobwino imalira nthawi zonse. Umo munali zii.

Mafoni a m'manja kunalibe. Munthu anapalasa njinga usiku kukafuna dokotala wa ziweto m'tauni, koma sanam'peze. Pakati pa usiku bambo wina woyandikana nafe anabwera ndi botolo la mafuta ophikira, akuti amatero ndi ng'ombe zake. Anaikweza mutu n'kuithira m'kamwa. Inatsamwa, n'kutsokomola kutsokomola komwe mpaka lero ndimakumva. Dokotala anafika kutacha, Nkhungu itanyowa thukuta m'chisanu chonse chija, nkhama zitada. Masana inali itapita.

Amalume sanandikalipire. Anangoimirira pakhomo pa khola, akuyang'ana ndowa ija, nati, "Mphwanga, ndowa inkatiuza, ife sitinamve." Madzi akatayika saoleka. Kuyambira tsiku limenelo anajambula mizere ndi penti mkati mwa ndowa iliyonse, ndipo funso lawo loyamba m'mawa silinalinso "mwadzuka bwanji" koma "yamwa mpaka pati".

Ndiye mukandimva ndikupsa mtima ndi mawu akuti chiweto chikamva ludzu chimwa chokha, mudziwe komwe zikuchokera. Mawu amenewa ndi abodza pa hatchi, ndipo aphetsa zambiri. Hatchi yaikulu imafuna malita 25 mpaka 40 patsiku, kupitiriranso apo mu Okutobala kapena ikamagwira ntchito. Nthawi ya dzinja gawo lalikulu imalipeza mu msipu, poti udzu wauwisi pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Udzu wouma madzi ake ndi ochepa zedi. Ndiye taonani: miyezi yomwe chakudya chauma ndi yomweyonso yomwe madzi azizira, hatchi n'kumawazemba. Matumbo ake ndi aatali pafupifupi mamita 30, ndipo thumbo lalikulu lili ndi malo ena pomwe limapindika n'kuchepa. Udzu wosanyowa bwino umaunjikana pomwepo n'kutseka njira. Uku ndiye kupotokola kwa m'mimba komwe madokotala a ziweto amakuika m'gulu la colic. Choopsa china n'choti hatchi siisanza. Galu akadya choipa amabweza, hatchi ayi, zonse zimakhala momwemo.

Ndipo si za hatchi zokha. Ndikamadutsa cha ku Dedza n'kuona abulu akukoka ngolo ya njerwa dzuwa lili paliwombo, ndimadzifunsa kuti amwa liti. Bulu ndi wopirira, savutika moonetsa, amangozyolika phee, eni ake n'kumati ndi ulesi. Onjezani majumbo omwe ali mbwee m'misika mwathumu, omwe ziweto zimameza zikamatola makoko a nthochi. Chinanso chimene sindichimvetsa ndi ichi: munthu amagula chiweto cha ndalama zambirimbiri, koma madzi n'kumachipatsa m'diramu lomwe munali dizilo, kapena m'chigubu chodula chomwe chamera ndere zobiriwira, muli ndi chule wakufa. Inuyo mungamwe? Hatchi mphuno yake ndi yakuthwa kuposa yathu. Ikakana madzi otere siikuchita matama, ikunena zoona.

Kuno ku Zomba tili ndi mwayi wa madzi, mtsinje wa Mulunguzi ukutsika m'phiri chaka chonse, ndipo alendo akhala akukwera hatchi pamwamba paphiripo pakati pa mitengo ya paini. Koma anthu odziwa kusamala hatchi ndi owerengeka, ambiri timangotengera nzeru za ng'ombe. Ng'ombe ndi hatchi m'mimba mwake ndi mosiyana kotheratu, ndipo botolo lija la mafuta ndi umboni wanga.

Za hatchi yanuyo

Mwati yangobwera kumene. Ine ndikukayikira kukoma kwa madzi. Ngati komwe inachokera inkamwa a mumtsinje, pano mukuipatsa a pampopi onunkha klorini kapena a pamjigo, imawaona achilendo. A pampopi atungeni madzulo agone m'ndowa yosavindikira, fungo limachepa. Ikani ndowa ziwiri: ina madzi okhaokha, ina mwasungunulamo kamolasi pang'ono kapena kadzanja ka madeya. Ya madzi okhaokhayo isachoke, kuti ikakana zotsekemerazo isasowe pomwera. Kukuzizira, thiranimo ketulo imodzi ya madzi otentha kuti akhale ofunda. Ku University of Pennsylvania anayesapo izi mu 1994, ndipo mahatchi aang'ono anamwa madzi ofunda ochuluka ndi 40 peresenti kuyerekeza ndi ozizira kwambiri. Kwawoko kumazizira kuposa kuno, koma amalume anaona zomwezo ndi ketulo yawo yakuda ija.

Za mchere ndi chakudya

Mchere wa kukhitchini womwewu, supuni yaikulu imodzi m'chakudya m'mawa, ina madzulo, bola madzi alipo nthawi zonse. Madeya musawapereke ouma, apondeni ndi madzi akhale ngati phala, ndipo asachuluke. Udzu wouma uviikeni mphindi 20 kapena 30 musanaupereke.

Zotsalazi ndingozitchula mwachangu. Tsukani ndowa tsiku ndi tsiku, popanda sopo wonunkhira. Musaiike pakona yamdima kapena pansi pa malata ophokosera ndi mphepo, hatchi siizika mutu pomwe ili ndi mantha. Ngati pali inzake yomwe imaithamangitsa, ikani pomwera pawiri motalikirana. Itulutseni iziyenda, matumbo amayenda hatchi ikamayenda. Ndipo dokotala akabwera aione mano, chifukwa dzino lowawa limadana ndi madzi ozizira.

Koma Mayi, ndowe zouma zija zikundidetsa nkhawa, ndipo sindikufuna muzengereze. Lero lomwe tsinani khungu la pakhosi pake n'kulisiya, lizibwerera nthawi yomweyo. Kwezani mlomo wam'mwamba: nkhama zikhale zonyowa, zofiirira pang'ono, ndipo mukadina ndi chala mtundu ubwerere masekondi awiri asanakwane. Werengani milu ya ndowe, yabwinobwino imachita kasanu ndi katatu kapena kuposa patsiku. Ikasiya kudya, kupalasa pansi, kucheukira kunthiti kapena kudzigubuduza, chotsani chakudya chonse, madzi okha akhalepo, muimbire dokotala wa ziweto nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku. Iye ali ndi paipi yolowetsa pamphuno mpaka m'mimba, ndiyo njira yolowetsera madzi kapena mafuta m'mimbamo mosaopsa. Wina aliyense akabwera ndi botolo, mukaneni, kaya ndi wamkulu bwanji. Nambala ya dokotalayo ifuneni lero, hatchi ikadali chiimire.

Ndipo jambulani mizere m'ndowamo, mzere uliwonse malita asanu. Pakatha masiku atatu mundilembere, mundiuze kuti yamwa mpaka pati.