Kodi dokotala akhumudwa tikakamva kwa wina?

Mayi wina wa ku Mufakose, ku Harare, watilembera. Mwana wawo wamkazi wa zaka 26 valavu yake ya mitral (kachitseko ka mu mtima koletsa magazi kubwerera m'mbuyo) yafinyika chifukwa cha matenda a rheumatic, amene amawononga mavalavu a mtima, ndipo dokotala wati aisinthe. Akufuna kukamva kwa dokotala wina, koma akuopa kuti woyambayo aona ngati amunyoza.

Amayi, pitani. Ulemu wamtundu umenewu ndi umene umatipweteka ife, kungoti "chabwino adokotala" mtima uli phaa. Dokotala wodziwa ntchito yake sadabwa nazo, ena amalemba okha kalata yokutumizani kwa mnzawo.

Nkhani yaikulu pa msinkhu wa mwana wanuyu ndi yakuti aikamo valavu yotani. Yachitsulo imakhalitsa, koma adzamwa warfarin moyo wake wonse kuti magazi asaundane, ndi kumayezetsa INR kawirikawiri (muyeso wa mmene magazi akuchedwera kuundana), pa mitral imafunika kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ikatsika, magazi amaundana pa valavupo mpaka sitiroko. Ikakwera, amataya magazi. Ndiye ganizirani ndalama ya kombi mwezi ndi mwezi, kapena akapita kumudzi ku Malawi miyezi itatu, akayezetsa kuti? Choopsa china, warfarin amatha kulumaza mwana m'mimba, makamaka pakati pa sabata 6 ndi 12. Ngati dokotala sanamufunse za kubereka, ine ndikuti kukambirana kunali kusanathe. Ya nyama ya ng'ombe kapena nkhumba siifuna warfarin wa moyo wonse, koma imatha pa zaka 10 mpaka 15, kwa achinyamata msangapo, ndiye opaleshoni ina ikudikira.

Palinso njira yachitatu: kuifutukula ndi baluni podutsa mu mtsempha wa m'ntchafu, osatsegula chifuwa. Imatheka ngati valavuyo sinaume, siikubweza magazi ambiri, ndipo mulibe magazi oundana mu mtima. Mufunse dokotala molunjika chifukwa chake njirayi siingamuyenere mwana wanuyu.

Zoti munyamule

Zithunzi za echo (sikani ya mtima) zenizenizo, osati pepala la lipoti lokha, ECG (pepala losonyeza kagundidwe ka mtima), ndi mapaketi a mankhwala onse. Pa lipotipo yang'anani kukula kwa valavu: 1.5 cm² kapena kucheperapo ndiye yafinyika kwambiri. Wachiwiriyo akhale katswiri wa mtima, kaya ku chipatala chachikulu cha boma cha Parirenyatwa kaya kolipira. Tsiku la opaleshoni ngati mwapatsidwa kale musalichotse, ndipo jakisoni wa penicillin, woteteza kuti matenda a rheumatic asabwerere, asasiye. Koma akayamba kubanika atagona, kutsokomola magazi kapena kukomoka, imeneyo si ya kudikira sabata yamawa, thamangirani naye kuchipatala.