Munali kuti inuyo pamene ankagawa matupi kumwambako?

Achemwali, pepani ndi zomwe zaonekera mng'ono wanuyo, kunyamula miyezi 9 n'kutuluka m'chipatala chimanjamanja si zinthu. Ndawerenga ndemanga zonse pa zomwe mwalemba m'gulu lino kuyambira mmawa. Ndimati ndingodutsa, koma nditaona anthu atatu akukuponyerani Yeremiya 1:5 ngati athetsa nkhani, manja ayamba kundinjenjemera. Aliyense akuti eya, tonse tinali kumwamba tisanabadwe, khandalo langobwerera kwawo. Mawu okoma, sindikukana. Koma mawu amenewa ali ndi mchira, ndipo ine mchirawo unandikwapula pagulu.

Mwana wanga wachiwiri ndinamubereka matenda atanditenga masiku awiri. Kuchipatala chaching'ono anandisunga usiku wonse akuti njira itseguka, ambulansi inabwera kutacha, pofika kuchipatala chachikulu n'kuti mwana atatopa kale. Anandichita opareshoni. Sanalire. Amayi anzanga mukumudziwa chete ameneyo, umangomva zitsulo zikugundana m'mbale. Anakhala pa mpweya sabata yonse. Miyezi 6 khosi losalimba, chaka chinatha osakhala pansi, manja ali chifumbatire. Adokotala sanandibisire, anati ubongo unasowa mpweya pobadwa, dzina lake cerebral palsy, mankhwala ochiza palibe koma mafizo amathandiza. Makutu anamva, mtima unakana.

Ndiye mnzanga wina wa pamsika anati tiye kwa papa wathu, akuona zinthu ameneyo. Ine wa Mvano ndithu, yunifolomu ili m'sutikesi, ndinapita mozemba ngakhale bambo akunyumba osawauza bwinobwino. Ankapemphera m'kalasi ya sukulu ina, mabenchi atawakankhira kukhoma, jenereta ikulira panja. Mapemphero a usiku wonse. Cha m'ma 2 koloko bambo aja analowa, suti yoyera, nsapato zosongoka, kathaulo paphewa, kamnyamata kakuwatsata kumbuyo ndi botolo la madzi. Anazungulira kawiri n'kuloza ine. Amvekere mayi wa mwana uyo, bwera kuno, mumasule kumbuyoko.

Ndinamumasula. Anali ndi zaka 2 koma wopepuka ngati khanda, atavala kachipewa kachikasu koluka amayi anga. Tsono ana otere phokoso likawadzidzimutsa thupi limauma, msana n'kupindikira kumbuyo, miyendo n'kupingasa. Ine ndinkazidziwa, kunyumba ngakhale mbale ikagwa ankatero. Bambo aja anamukuwira pa maikolofoni pafupi ndi khutu, mwana gwa, kuuma ngati thabwa. Iwo amvekere mwaona? Wandizindikira! Tinali limodzi kumwamba ine ndi uyu! Anthu kuwomba m'manja, ena nenerani papa, nenerani. Anatsegula Baibulo, Yeremiya yemweyo, ndisanakuumbe m'mimba ndinakudziwa. Kenako Yohane 9, pamene ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani, munthuyu kapena makolo ake, kuti abadwe wosaona. Anati mwamva, munthu angathe kuchimwa asanabadwe. Mzimu uwu unatumidwa ntchito kumwamba unakana, pamene anzake tinkagwada uwu unaima chilili, ndiye unapatsidwa thupi lolingana ndi mtima wake. Anamunyamula m'mwamba ndi manja awiri kuti a kumbuyo aone, dovu likuyenderera padzanja la suti, iwo n'kupukuta ndi kathaulo kaja nkhope atakwinya. Kachipewa kanagwa, wina anakaponda. Mtsikana wina akujambula pafoni. Mayi amene tinakhala benchi imodzi usiku wonse, tinagawana naye mandasi, anakoka mwana wake n'kumuika mbali inayo.

Ndipo ndinapereka ndalama, ndisaname. K20,000 ya mpamba wa tomato, akuti mbewu yopepesera kumwamba m'malo mwa mwanayo.

Koma choipitsitsa si ndalamazo. Ndinakhulupirira. Masabata atatu ndinakhulupirira. Ndikamamumwetsa phala, iye akulikankha ndi lilime monga amachitira ana otere, m'mutu mwanga munkabwera mawu oti ndi makani omwe aja. Tsiku lina ndinamukakamiza supuni mwaukali mpaka anatsamwa, milomo kuda, ndikumukalipira kuti unakana kumwamba ukanenso pano? Atapuma anandiyang'ana n'kumwetulira, poti ankamwetulira aliyense. Mulungu andikhululukire, supuni imene ija ndinaitaya kuchimbudzi.

Bambo inu, ngati muli m'gulu lino kapena wina akutumizirani, ndikufunseni: munali kuti pamene ankagawa matupiwo? Munakhala mzere uti? Ndani anakupatsani kaundula? Zakumwamba mumazikumbuka zonse, koma kuti mayi amene mwamulanda mpamba adya chiyani mawa, zimenezo ayi. Ndamva muli ndi galimoto ziwiri tsopano. Yendani bwino. Ndi mnzanga wa pamsika uja timapatsana moni basi, chifukwa ndiye anafalitsa nkhani mpaka ana a pamzere ankamutcha mwana wanga wothawa kumwamba.

Anandiwombola ndi achimwene anga, amene anaphunzira zaubusa ku Zomba. Nditawafotokozera sanandikalipire. Anangoti tsegula Yohane 9 yemweyo, werenga ndime 2. Ndinawerenga. Anati usaime, pitiriza. Ndime 3, Yesu akuyankha kuti sanachimwe iyeyu, ngakhale makolo ake. Achemwali, yankho linali mzere wotsatira! Munthu uja anawerenga funso la ophunzira n'kutseka buku asanafike pa yankho la mwiniwake. Ndinalira ngati ndaferedwa.

Ndi tsiku lomwelo ndinamva kuti papa uja sanabweretse chachilendo. Achimwene anati maganizowa anawalemba kalekale Origen wa ku Alexandria ku Iguputo, wobadwa cha m'ma 185, munthu wophunzira zedi amene anazunzidwanso chifukwa cha Khristu. Chinkamuvuta ndi chomwe chinkandivuta ine: bwanji wina amabadwa m'nyumba ya mfumu wina mu ukapolo, wina wamphumphu wina wolumala, Mulungu ali wosakondera? Ndiye anati Mulungu analenga mizimu yonse poyamba, yofanana, kenako chikondi chake pa Mulungu chinayamba kuzirala. Yozirala pang'ono ndi angelo, yapakati ndife anthu, yoziraliratu ndi ziwanda, ndipo aliyense amabadwa molingana ndi mmene anagwera. Ankapereka chitsanzo cha Yakobo ndi Esau, chonsecho Paulo pa Aroma 9:11 akuti anawo anali asanabadwe, asanachite chabwino kapena choipa. Mukuona? Pofuna kuchotsa mlandu pa Mulungu anausenzetsa khanda. Mpingo unazikana ku Constantinople mu 543, nthawi ya mfumu Justinian, n'kuzikananso mu 553. Zinthu zokanidwa zaka pafupifupi 1,500 zapitazo munthu n'kudzandigulitsa ine K20,000 ngati vumbulutso la dzulo.

Ndipo musaganize kuti akuluakulu otsalawo anagwirizana chimodzi. Tertullian wa ku Carthage ankati mzimu umachokera kwa makolo pamodzi ndi thupi, ndipo a Lutheran ambiri amapendekera kumeneko. Ena anati ayi, Mulungu amalenga mzimu watsopano wa mwana aliyense. Akatolika ndi pomwe aima, Papa Pius XII anazinenanso mu 1950, ndipo ambiri otsata Calvin ali pomwepo. Augustine wa ku Hippo, mwini nzeru uja, mu 415 analembera Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, kalata yopempha kuti amuthandize, ndipo chimene chinkamusowetsa mtendere m'kalatamo ndi kuvutika kwa makanda. Mpaka ukalamba wake ankavomera kuti sakudziwa. Origen, Tertullian ndi Augustine, onsewa anthu a mu Africa muno. Augustine akuti sindikudziwa, koma wa suti yoyera m'kalasi ya pulayimale akudziwa mpaka zimene mwana wanga anayankha Mulungu.

Za Yeremiya 1:5 mukuponyeranazi, werengani bwino. Akuti ndinakudziwa, sakuti unalipo. Agogo anga ankaumba mbiya, ndipo ankaidziwa mbiya asanakumbe n'dothi lomwe, kukula kwake, kukamwa kwake, ya madzi kapena ya mowa. Kodi mbiyayo inali pena pake ikudikira? Salimo 139 likuti masiku anga analembedwa m'buku pasanakhale ngakhale limodzi. Pa Genesis 2:7 dothi ndilo linayamba, mpweya pambuyo, munthu n'kukhala wamoyo. A Seventh Day m'gulu muno mwaima pomwepa ndakuonani, mwati munthu alibe mzimu wokhala pawokha, thupi ndi mpweya zikakumana ndiye munthu. Pa imfa timasiyana, koma pa ichi chokha tili limodzi. Zekariya 12:1 akuti Mulungu amaumba mzimu wa munthu m'kati mwake. Yobu anafunsidwa kuti unali kuti pamene ndinkaika maziko a dziko, ndipo sanayankhe kuti ndinalipo bwana, anagwira pakamwa. Nanga Yesu atanena kuti Abrahamu asanakhalepo Ine ndilipo, anatoleranji miyala? Bwenzi atangoseka n'kunena kuti nafenso tinalipo. Ndime imene imandigwira pang'ono ndi Mlaliki 12:7, yoti mzimu udzabwerera kwa Mulungu amene anaupereka, imeneyo ndivomere. Achimwene amati wopereka chinthu sikuti anachisunga m'nkhokwe zaka zikwi, akhoza kuchipanga pomwepo n'kupereka. Ine ndimangoti chabwino.

Mlongo wa Latter-day Saints amene mwayankha mwaulemu pamwambapa, ndilibe nanu mlandu, ndikudziwa kwanu ndi chiphunzitso chenicheni kuti tinakhala ndi Atate tisanabadwe, ndipo simunanene zoipa za mwana aliyense. Koma nanunso mchira uja unakukwapulani. Mpaka 1978 amuna akuda sankaloledwa unsembe, ndipo ena ankafotokoza kuti anthu akuda sanalimbe mtima m'moyo wa tisanabadwe. Mpingo wanu womwe mu 2013 unalemba poyera kukana maganizo amenewo. Khomo limeneli likangotseguka, amene amalowa msanga ndi wofuna kufotokoza chifukwa chake mnzake ali pansi.

Mwana wanga anakhala zaka 6. Anaphunzira kukhala pa kampando kake ka pakona kamene anatikhomera kalipentala wa pafupi, anaphunzira kunena "ma", ankakonda wailesi koma yotsitsa. Chibayo chinamutenga mwezi wa June kukuzizira. Pamaliro abusa anawerenga mawu a Davide pa 2 Samueli 12:23, oti ine ndidzapita kwa iye koma iye sadzabwerera kwa ine.

Ndiye malangizo anga ndi awa achemwali. Choyamba mng'ono wanuyo musamupititse kwa aliyense woona zinthu, ngakhale akulipirireni minibasi. Akadzangoyamba kuti mzimu wa mwanayo unakana kubwera, kapena unabwera kudzaona n'kusakonda nyumbayo, nyamukani pomwepo, chitenje m'manja. Kwathu kuno mtayo amakaika amayi okhaokha, mwakachetechete, mwini mwana n'kumuuza kuti usalire ungatseke mimba. Musiyeni alire. Mkaka ubwera, mabere atupa, palibe womuyamwa, tsiku limenelo mukhale naye pafupi. Abwerere kuchipatala akamuone, afunse chimene chinachitika, BP, malungo, magazi, chilichonse, alembe, chifukwa mimba yotsatira adzafunika kuyamba sikelo msanga. Zifukwa zambiri zili pansi pompano, zina ndi ambulansi yobwera kutacha.

Koma za mavesizi musapite nazo kwa iye. Ndikudziwa ndadzaza foni yanu ndi mavesi, koma musamuwerengere ngakhale limodzi, musakamuuze za Origen, si nthawi yake. Ngati apongozi ake akuti mwana wabwerera kwawo ndipo iye akupeza tulo ndi mawu amenewo, asiyeni, musawatsutse. Ine usiku wa maliro, anthu atagona pamphasa, agogo ena a kumudzi kwa bambo akunyumba, osadziwa n'kuwerenga komwe, anandigwira dzanja n'kunena kuti mwanawe, ameneyu anali mlendo, anabwera kudzacheza, wamusunga bwino, wabwerera kwawo. Mutu wanga unkadziwa zonse za 553, koma ndinagona tulo koyamba m'masiku anayi. Mpaka lero ndikatulutsa kachipewa kachikasu kaja m'sutikesi ndimamufunsa ngati anafika bwino kwawoko, ngati anamulandira. Achimwene ali m'gulu lino, aona okha, tikakambirana Lamulungu.